Kukadya Khirisimasi kwa makolo a chibwenzi ku Poland

Achemwali, funso lanu ndinaliona m'mawa ndili m'basi, ndiye ndinati ndiweruke kaye kuti ndikuyankheni modekha. Mwati mumakhala ku Leeds, muli pa chibwenzi ndi mnyamata wa ku Poland kwa chaka ndi theka, ndipo wakupemphani kuti mukadye Khirisimasi kwa makolo ake. Mukufunsa ngati n'koyenera kupita, choti munyamule, ndi momwe mukakhalire. Ine bambo a kunyumba kwanga ndi a komweko, kwawo ndi mudzi wina kufupi ndi Tarnów, kum'mawa kwa Kraków, ndipo ndadyerako Khirisimasi kanayi. Ndikuti pitani, koma musapite chimbulimbuli.

Yambani ndi mapepala lero lomwe. Ngati mumayendera pasipoti ya Malawi, viza yanu ya ku UK siingakulowetseni ku Poland. Dzikolo lili mu Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi, kuyambira 2007, choncho mufunika viza ya Schengen. Imalipitsidwa 90 euro, amafuna inshuwalansi ya zachipatala yofika 30,000 euro, ndipo pasipoti ikhale ndi miyezi itatu yotsala kuwerengera tsiku lobwerera. Mutha kupempha kutatsala miyezi 6, ndipo chovuta kwambiri ndi kupeza tsiku lokaonekera December akamayandikira. Makolo akewo angathe kulembetsa kalata yokuitanani ku ofesi ya chigawo chawo, imene amati zaproszenie, koma nayonso imatenga milungu ingapo.

Zikatheka zimenezo, khalani pansi ndi mnyamatayo. Apa ndi pamene pagona ulendo wonse. Mufunseni kuti makolo ake anawauza kuti ndinu ndani wake, ngati anaona chithunzi chanu, ndiponso kuti mukagona kuti, chifukwa mabanja ena achikatolika amayala zipinda ziwiri ngati anthu sanakwatitse. Ndipo akulonjezeni kuti azikumasulirani. Makolo ambiri a kumudzi salankhula Chingerezi, ena anaphunzira Chirasha kusukulu. Ulendo wanga woyamba ndinakhala patebulo maola atatu anthu akuseka, ine osamva kanthu, mwamuna wanga atatengeka ndi nkhani za abale ake. Usiku ndinalira. Sanachite dala, koma zinandipweteka, ndipo kuyambira pamenepo amakhala pambali panga n'kumandinong'oneza zomwe zikukambidwa. Musadikire kuti mulire kaye ngati ine.

Ndikufunanso mumvetse kukula kwa chimene wakuitanirani. Kwathu Khirisimasi ndi ya panja: mpunga ndi nkhuku, zovala zatsopano, ana akuzungulira m'mudzi, aliyense wodutsa akudya nawo. Kwawo tsiku lalikulu ndi madzulo a pa 24 December, amati Wigilia, ndipo ndi la m'nyumba, la banja lokhalokha. Munthu satengera bwenzi wamba ku Wigilia. Komabe si chinkhoswe ayi. Kulibe ankhoswe, palibe amene akalonjeze za ukwati, ndiye musakawerenge zambiri kuposa zimene mnyamatayo wanena ndi pakamwa pake.

Tsikulo anthu ambiri amadya pang'ono masana, ndiye mudyeko kanthu m'mawa. Chakudya chimayamba nyenyezi yoyamba ikaoneka, ndipo ana ndi amene amaima pazenera kuidikira. Pansi pa nsalu yoyera ya patebulo amaikapo udzu wouma, kukumbukira khola lomwe Yesu anabadwiramo. Mudzaona mbale imodzi ndi mpando wopanda munthu: ndi malo a mlendo amene angagogode mosayembekezereka, ndipo ena amakumbukira nawo abale omwe anatisiya kapena ali kutali. Valani bwino ngati mukupita kutchalitchi.

Asanayambe kudya pamakhala opłatek. Ndi kamkate koyera kopyapyala, konga kamene Akatolika amalandira pa Misa, koma si ukalistiya, ndipo ngakhale wa CCAP kapena wa mpingo wina akhoza kudya. Aliyense amapatsidwa kake, kenako mumapita kwa munthu mmodzimmodzi, mumabenthula pang'ono pa kake iye n'kubenthula pa kanu, mumadya, n'kufunirana zabwino za chaka chikubweracho, kenako kukumbatirana. Simudumpha munthu. Apongozi anga aamuna anali atatha masiku awiri osandiyankhula kupatula moni, ine n'kumaganiza kuti sanandifune. Atafika pa ine ndi opłatek wawo anayankhula nthawi yaitali manja akunjenjemera. Mwamuna wanga anandimasulira kuti akundithokoza chifukwa mwana wawo sakhalanso yekha kudziko la eni, komanso akufunira mayi anga ku Zomba moyo wautali. Mpaka lero ndikakumbukira misozi imalengeza. Inu phunzirani mawu ochepa okha. "Wesołych Świąt" ndi mafuno abwino a Khirisimasi, "dużo zdrowia" ndi kuwafunira thanzi. Zotsalazo nenani m'Chingerezi kapena m'Chichewa momwe, mnyamatayo amasulire. Konzekeranitu choti mukanene kwa mayi ake, chochokera pansi pa mtima.

Mwambo wake ndi zakudya 12, ndipo nyama palibe. Amayamba ndi barszcz, msuzi wofiira wa beetroot wokhala ndi tizibumi ta ufa wa tirigu toikamo bowa, totchedwa uszka. Pamabwera pierogi, tizibumi tokulirapo toikamo kabichi wowawasa ndi bowa, nsomba ya hering'i yozizira imene amati śledź, ndi karp yokazinga. Karp musaiyembekezere ngati chambo, ili ndi minga yambiri ing'onoing'ono ndipo nthawi zina imamveka kafungo ka thope, ndiye idyeni pang'onopang'ono. Chakumwa ndi kompot wa zipatso zouma, wonunkhira utsi, amene ngakhale ana awo ena samukonda. Pomaliza makowiec, keke ya njere za poppy. Amati ulawe chilichonse, ndiye tapani pang'ono pa mbale iliyonse, chifukwa mayi ake adzakuwonjezerani ndithu. Ndipo samalani apa: akakupatsani chakudya inu n'kunena "dziękuję", amamva kuti mwakana mwaulemu. Mukafuna nenani "poproszę". Mphatso amatsegula usiku womwewo, kenako nyimbo za Khirisimasi, ndipo pakati pa usiku amapita ku Misa yotchedwa Pasterka. Ngakhale musali Mkatolika pitani nawo, ingokhalani pampando nthawi yolandira. Nyama ndi mowa zimabwera pa 25 ndi 26, abale akamayenderana. Ngati simumwa, nenani poyamba penipeni ndipo mnyamatayo akuikireni kumbuyo, chifukwa amalume ena amakakamiza vodka.

Ulemu umene munaphunzira kwanu ukagwira ntchito, kungoti maonekedwe ake ndi ena. Mayi ake muziti Pani, bambo ake Pan, mpaka iwo eni atakuuzani dzina lina. Musathamangire kunena "mama". Kugwada kumawachititsa manyazi, koma kulandira chinthu ndi manja awiri apongozi anga aakazi anakuona ndipo anakukonda. Popereka moni ayang'aneni m'maso, pakuti kuzolika kumene ife timati ulemu iwo amaona ngati munthu sakusangalala. Musapereke dzanja muli pakhomo penipeni, lowani kaye. Nsapato vulani, adzakupatsani masilipasi. Agogo aamuna ena amapsompsona dzanja la mzimayi, musadabwe. Ndipo nkhope zawo sizimwetulira chisawawa. Munthu akakhala duu sindiye kuti wakwiya, chikondi chawo mudzachiona m'mbale yanu ndi m'bulangeti lachiwiri limene adzakuikirani pabedi.

Za utengwa zija, zodzuka mbandakucha kusesa ndi kutereka madzi, zisiyeni. Ine ndinayesa, apongozi anandilanda tsache n'kundikhazika pampando, chifukwa kwa iwo mlendo kugwira tsache ndi kunyoza mwini nyumba. Khomo lolowera ndi kukhitchini pa 23 December, pamene azimayi akuumba pierogi ndi uszka. Pemphani kuti akuphunzitseni. Ine ndi agogo aakazi a mwamuna wanga tinayamba kugwirizana pamenepo, osamvana chinenero, iwo akungondigwira zala kundionetsa kapindidwe kake.

Agogo omwewo sankadziwa kuti Malawi ali kuti. Nditawauza kuti Papa John Paul II, amene iwo amati Jan Paweł II, wobadwira ku Wadowice, anabwera kwathu mu May 1989 ndipo mayi anga anapita ku Blantyre kukamuona, anaitana aliyense m'nyumbamo kuti amve. Nkhani imeneyo isungeni, idzakuthandizani ndi achikulire. Zandale za dziko lawo musalowemo, mabanja ambiri ndi ogawikana ndipo amakangana okhaokha. Tengani zithunzi za kwanu, za makolo anu, za nyanja ndi phiri la Mulanje, anthu amafunsa.

Mphatso musavutike nazo. Tiyi wa ku Thyolo, khofi wa ku Mzuzu, kabotolo ka Nali ka bambo ake, chitenje chabwino cha mayi ake choti akhoza kuyala patebulo. Zopezeka ku Leeds nazonso zili bwino, monga mabisiketi ndi chokoleti cha ana. Nyama, tchizi ndi zamkaka zochokera ku UK siziloledwa kulowa mu EU, mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya umene Poland ilimo, kuyambira 2021. Maluwa mukagule komweko, chiwerengero chake chikhale 3, 5 kapena 7, ndipo asakhale ma chrysanthemum chifukwa amenewo ndi a kumanda.

Kumandako mwina mudzapitanso. Mabanja ambiri amakayatsa makandulo pamanda a abale awo nyengo imeneyi, ana omwe amapita nawo. Kwa ife ndi zachilendo kupita kumanda popanda maliro, koma akakutengani dziwani kuti akukuonetsani anthu awo.

Kuzizira kwake kumaposa kwa ku Leeds. Nthawi zambiri kumakhala pafupi ndi 0, koma masiku ena kumatsika kupitirira -10, ndipo dzuwa limalowa isanakwane 4 koloko. M'nyumba mumatentha kwambiri, m'tchalitchi mumazizira, ndiye valani zovala zingapo zoti muzivula ndi kuvala. Nsapato zikhale zosaterera, chipewa ndi magolovesi musaiwale. Mafuta odzola ndi a tsitsi nyamulani anu, kumudzi simuwapeza. Ngati muli ndi mphumu tengani mankhwala, chifukwa kum'mwera kwa dzikolo nyumba zambiri zimawotha malasha ndipo madzulo utsi umadzaza m'mudzi. Ndalama yawo ndi złoty, si euro. Masitolo amatseka pa 25 ndi 26, ndipo kuyambira 2025 pa 24 nalonso ndi tchuthi, ndiye zofunika gulanitu.

Pali nkhani ya khungu, imene anthu ambiri amaizemba. Ku Kraków kapena ku Warsaw anthu akuda alipo ndipo ambiri sakulabadirani. Kumudzi mudzayang'anidwa, m'tchalitchi, m'sitolo, pamsewu. Ambiri ndi chidwi chabe, ngati momwe ana a kumudzi kwathu amachitira akaona mzungu. Koma si onse. Ine bambo wina woledzera anandilalatira pasiteshoni ya sitima, ndipo mayi wina anandigwira tsitsi osapempha. Chimene chinandilimbitsa mtima n'chakuti mwamuna wanga anayankha pompo, osadikira kuti ndidandaule, ndipo sananene kuti ndikukokomeza. Kambiranani zimenezi musananyamuke. Mmene akachitire pamaso pa abale ake wina akakunyozani, mudzamudziwa bwino kuposa chaka ndi theka chimene mwakhala naye ku Leeds.

Paja mlendo ndi mame. Ulendo woyamba masiku anayi kapena asanu kwa makolo akwana, kenako mukhale usiku umodzi kapena uwiri mumzinda awiriwiri kuti mupume. Mukakhala ku Kraków kaoneni szopki, timakhola ta Khirisimasi tonyezimira topangidwa ngati matchalitchi a mumzindamo. Pasipoti, tikiti yobwerera ndi khadi lanu la kubanki zikhale m'chikwama chanu, ndipo mnzanu mmodzi ku Leeds akhale ndi adiresi ya kumene mukupitako. Kwanu ku Malawi nakonso muwauze mayi kapena azakhali musananyamuke, asadzadziwire pa zithunzi za pa Facebook kuti mwana wawo anakaonekera kwa eni.

Mundiuze dera lomwe makolo akewo amakhala, chifukwa zakudya zimasiyanako, kum'mawa amaphika kutia, chakudya chotsekemera cha tirigu ndi uchi, kwina msuzi wa bowa m'malo mwa barszcz. Ndilembereni ku inbox ndikutumizireni mawu ojambula a katchulidwe ka moni uja, chifukwa momwe amalembera ndi momwe amatchulira n'zosiyana kwambiri.