Tifunseni za Makina: Mafoni a kampani andikulira, ndiwagawe bwanji?

Zikomo akonzi. Ndimagwira ntchito mu ofesi ya kampani yaing'ono pa Dedza boma. Timagula mbatata ya kachewere, nyemba ndi soya kwa alimi, komanso timabwereketsa mbewu. Chaka chatha abwana anagula mafoni 26 ndi matabuleti 8 n'kundisenzetsa ineyo kuti ndiziziyang'anira, poti ndine ndimadziwako kompyuta. Alangizi athu ali ku Bembeke, Lobi, Mayani ndi Mtakataka, ena amafika mpaka ku Lizulu ndi ku Tsangano. Bandulo ya mwezi imatha pa masiku khumi. Foni imodzi inasowa ili ndi mayina a alimi. Tabuleti ya pa sikelo ndinaipeza yodzaza magemu. Wina anandiuza za MDM, pulogalamu yoyang'anira mafoni onse uli mu ofesi, ndipo tinalembetsa yoyeserera, koma ikundiuza kuti ndipange magulu. Ndinayamba kupangira munthu aliyense gulu lake, pano ndatopa. Ndigawe bwanji?

Mayi wa mu ofesi, Dedza

Mayi, zikomo polemba. Ine kwathu ndi ku Ntcheu, ndipo kwa zaka zingapo ndakhala ndikuyang'anira matabuleti a bungwe lina logwira ntchito m'midzi. Malo mwatchulawa ambiri ndawapondapo, ena pa njinga yamoto mvula ikugwa, choncho mtolo wanuwu ndikuudziwa kulemera kwake.

Magulu a mayina a anthu aja afufuteni lero lomwe. Pa foni iliyonse yolembetsedwa mu MDM pamakhala kapulogalamu kamene nthawi ndi nthawi kamafunsa kudzera pa intaneti ngati kwabwera lamulo latsopano. Inu mumalemba lamulolo muli khale mu ofesi, n'kulimangirira pa gulu, ndipo foni iliyonse ya m'gululo imalitsata. Mukapanga magulu 34, lamulo limodzi mulilemba ka 34, ndipo tsiku limene mlangizi wa ku Lobi adzasiye ntchito mudzatsala ndi gulu la dzina la munthu amene kulibe. Posankha mbatata simufunsa kuti wakumba ndani. Mumaona kuti iyi ndi yambewu, iyi ndi ya a tchipisi, iyi ipita kumsika. Mafoninso funso lake ndi lomwelo: iyi imagwira ntchito yanji?

Yambani ndi matabuleti a pa sikelo, chifukwa ndiwo osavuta. Awa alibe mwini, amagwiridwa ndi kalaliki aliyense amene ali pantchito tsikulo. Android ili ndi njira yotsekera chida kuti chizionetsa pulogalamu imodzi kapena ziwiri zokha, imene mu MDM yanu mwina yalembedwa kuti kiosk kapena dedicated device. Tabuleti ikayaka imangotsegula pulogalamu yolembera kulemera kwa matumba, basi. Magemu alibenso polowera. Ndikupempheni chimodzi: siyani khomo loti kalaliki athe kulumikiza Wi-Fi ndi kusintha kuwala kwa galasi. Ndinaonapo tabuleti yotsekedwa mopyola muyeso, yolephera kulowa pa intaneti, ndiye yolepheranso kulandira lamulo loitsegula.

Gulu lachiwiri ndi la alangizi, ndipo apa ndi pamene pakupita bandulo yanu. Mafoni awa ndi a kampani, choncho alembetseni ngati mafoni oyang'aniridwa kwathunthu. Mukatero Play Store ya pa foniyo imangoonetsa mapulogalamu amene inu mwavomereza: yolembera alimi, kaya ndi KoboCollect kaya ODK Collect kaya yanuyanu, kamera, mapu, ndi ya Airtel Money kapena TNM Mpamba ngati amalipira alimi pa foni. TikTok ndi YouTube sizionekamo. Koma kunena zoona, mbala yaikulu ya bandulo imene ine ndinaipeza ndi hotspot. Mlangizi amafika kunyumba madzulo, ana ndi alamu n'kulumikiza mafoni awo, mamawa bandulo yaphwa. Munthuyo sanabe, wangochita zimene aliyense angachite pakhomo pake. Lamulo lotseka hotspot lilipo, ikani pa gulu lonse. Ikaninso lamulo loti mapulogalamu azilandira zosintha pa Wi-Fi pokha, kuti azisinthika anthu akabwera ku ofesi kumapeto a mwezi.

WhatsApp musaitseke. Ndikudziwa kuti abwana ena amafuna itsekedwe, koma alimi otsogola amatumiza zithunzi za chiwawu cha mbatata pa WhatsApp, ndipo misonkhano ya makalabu imamemedwa pomwepo. Mukaitseka, mlangizi aziyenda ndi mafoni awiri, ya kampani n'kumagona m'chikwama yosachajidwa.

Tsopano nkhani imene wogulitsa pulogalamu wa kunja sangakuuzeni, chifukwa sadziwa dera lathu. Kuchokera pa Dedza kutsika ku Ntcheu, msewu wa M1 umayenda m'malire. Pa Lizulu mukawoloka msewu mwalowa Mozambique, ndipo njira ya ku Tsangano nayo imatsata malire omwewo. Foni sidziwa kuti msika uli mbali iti. Ikaona kuti mlongoti wa Vodacom kapena Movitel ukumveka bwino kuposa wa kwathu, ikhoza kudumphira komweko, ndipo ngati laini yake ndi yololedwa roaming, kutanthauza kugwiritsa ntchito netiweki ya dziko lina, mayunitsi amatha mwini wake ali m'munda wa ku Malawi. Mu MDM muli lamulo loletsa intaneti ya roaming. Liikeni pa mafoni onse a alangizi. Kenaka, ngati muli ndi dalaivala kapena wogula amene amawolokadi pa chipata cha Dedza kapena pa Biriwiri pa ntchito za kampani, apangireni kagulu kawo kakang'ono kololedwa. Apa ndi pokhapo pamene ndimavomereza kugawa potengera malo. Musapange gulu la Bembeke, la Mayani, la Mtakataka pongofuna kuti zioneke zaudongo. Ngati malamulo ake ndi ofanana, ndi gulu limodzi. Dera la foni lilembeni m'dzina lake.

Mayinawo akhale ngati DZ-ALG-07, kutanthauza Dedza, alangizi, foni yachisanu ndi chiwiri, ndipo dzina lomwelo mulimate kumbuyo kwa foni. Pa foni iliyonse imbani *#06# kuti muone nambala yake ya IMEI, ya manambala 15, n'kuilemba m'buku pamodzi ndi dzina la amene wasainira. Buku limeneli ndi limene mudzapite nalo ku polisi foni ikabedwa.

Pali magulu ena awiri amene poyamba amaoneka ngati opanda ntchito. Loyamba ndi loyeserera: mafoni awiri kapena atatu a anthu amene ali pafupi ndi boma, oti mukawayimbira afika ndi kabaza. Lamulo lililonse latsopano, pulogalamu iliyonse yatsopano, iyambe yagona masiku atatu pa mafoni amenewa. Ngati mafoni anu ndi osakaniza, ena Tecno, ena itel, ena Samsung, m'gululi mukhale mtundu uliwonse, chifukwa lamulo limodzi silimveka chimodzimodzi pa mafoni onse.

Lachiwiri ndi la zosowa, ndipo ili ndinaliphunzira ndi misozi. Mlangizi wathu wina wa kuchigwa cha Bwanje anandiyimbira kuti tabuleti yasowa. Ine pofuna kuteteza mayina a anthu ndinatumiza lamulo lofufuta zonse nthawi yomweyo. Lamulo lotere limadikira mpaka chida chilowe pa intaneti. Patatha masiku awiri tabuleti inapezeka pa golosale pamene anaisiya ikuchajidwa pa sola. Atangoiyatsa inagwira netiweki, n'kudzifufuta yokha mwini wake akuona. Munali mafomu a masabata atatu amene anali asanatumizidwe. Mlangizi uja anayendanso khomo ndi khomo kukafunsa mafunso omwe aja, ndipo cholakwa chinali changa. Chiyambire tsikulo, foni ikasowa ndimaisamutsira m'gulu la zosowa. Kumeneko imatsekeka, pagalasi n'kuonetsa nambala ya ofesi kuti woitola ayimbe. Ndimadikira sabata. Ikapanda kupezeka ndi pamene ndimafufuta. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo popeza lamulo silifika pa foni yozima, chitetezo chenicheni cha mayina a alimi anu ndi nambala yotsegulira foni. Lamulani kuti ikhale ya manambala 6, ndi kuti foni izidzitseka yokha ikakhala mphindi ziwiri osagwiridwa.

Samalani kuti foni isakhale m'magulu awiri olamula zosemphana, lina likuti kamera itsekedwe, lina likuti itseguke. Mu Microsoft Intune, imodzi mwa mapulogalamu a MDM, zikatero mumangoona uthenga woti malamulo akuwombana, ndipo mumataya tsiku kufufuza. Foni imodzi, gulu limodzi la ntchito.

Polembetsa, gulu lililonse lipangireni QR yake, kachithunzi ka timabokosi kamene foni imajambula kuti ilowe m'gululo. Foni imayenera kubwezedwa mmene inalili pogula, kenaka pa tsamba loyamba la moni lija mumagogoda kasanu n'kamodzi malo amodzi, kamera imatseguka, n'kujambula QR ya gulu lake. Chitani izi mu ofesi pa Wi-Fi, ndipo musanafufute foni ya munthu onetsetsani ndi maso anu kuti mafomu ake onse atumizidwa.

Za mtengo: mapulogalamu ambiri a MDM amalipiritsa m'madola, mwezi ndi mwezi, powerengera mafoni kapena anthu, ndipo mukudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira. Ngati kampani yanu ikulipira kale Microsoft 365 Business Premium, Intune ili momwemo. ManageEngine ili ndi yaulere ya zida zosapitirira 25, koma zanu ndi 34. Headwind MDM ndi yaulere ya Android, koma imafuna munthu woti aikhazikitse ndi kuisamala pa seva yanu. Auzeni abwana mtengo wa chaka chonse yoyesererayi isanathe, kuti musadzalembetse mafoni onse kawiri. Ndikanakhala inu, Lolemba likudzali ndikanayamba ndi matabuleti 8 aja okha, alangizi n'kuwadikira tsiku la malipiro pamene onse amabwera okha ku boma.

Akonzi, ine ndine wogulitsa katundu wa kampani ina, ndimayenda pakati pa Ntcheu boma, Kampepuza ndi Nsipe. Kampani sinatipatse mafoni, koma akuti tiike pulogalamu yawo yoyang'anira pa mafoni athu. Kodi sadzaona zithunzi ndi mauthenga a ine ndi akazi anga?

Bambo wa pa Kampepuza

Bambo, nkhawa yanu ndi yomveka, ndipo mwachita bwino kufunsa musanaike. Zitengera njira imene agwiritse ntchito. Pa foni ya munthu mwini, njira yoyenera ndi imene Android imaitcha work profile. Foni imagawika zipinda ziwiri. Mapulogalamu a kampani amakhala m'chipinda chawo, aliyense ali ndi kachizindikiro ka chikwama. Kampani imalamula m'chipinda chimenecho mokha. Zithunzi zanu, WhatsApp yanu ndi mauthenga anu sangazione, ndipo mukasiya ntchito amafufuta chipinda chawo chokha. Chimene amaona ndi zinthu monga mtundu wa foni ndi Android imene ilimo, ndipo akhoza kulamula kuti muike nambala yotsegulira. Madzulo mukhoza kuzimitsa chipinda cha ntchito mpaka mawa.

Chizindikiro choti muchenjere nacho ndi ichi: akakuuzani kuti foni yanu ifufutidwe kaye zonse musanajambule QR yawo, kanani mwaulemu. Imeneyo ndi njira ya mafoni a kampani, ndipo imawapatsa mphamvu pa foni yonse, ngakhale kuifufuta ali kutali. Ngati akufuna mphamvu zotere, akugulireni foni ya ntchito.

Chenjeraninso ndi pulogalamu yogulitsira imene ikhale m'chipinda cha ntchitocho. Ngati ikupempha kudziwa kumene muli, ndiye kuti ikayaka akhoza kuona mayendedwe anu. Afunseni akuuzeni polemba kuti akuona chiyani, pa maola ati, ndipo amene akuona ndani. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, limene woliyang'anira ndi MACRA, choncho kufunsa kotere si mwano. Funsaninso za bandulo, chifukwa chipinda cha ntchitocho chizidya intaneti ya laini yanu. Zimenezi mugwirizane ndi abwana anu musanajambule chilichonse, ndipo ngati muli ogulitsa angapo, kafunseni limodzi.