Mwana wanga akufuna kamera ya filimu, tigule iti?

Mayi wina watilembera kuti: "Mwana wanga wamkazi wangolemba kumene Fomu 4. Akufuna kudzakhala wojambula zithunzi za moyo wa anthu m'misewu ndi m'misika, ndipo wakakamira kamera ya filimu, zakale zija. Akutchula Leica. Ine ndalama ndili nazo zochepa. Kodi sikutaya ndalama kumeneku?"

Mayi, sikutaya ndalama ayi. Koma musanagule kamera, fufuzani kaye komwe filimuyo izikatsukidwa, chifukwa ambiri amagwa pamenepa. Kamera mumagula kamodzi, pomwe filimu mudzagula mwezi ndi mwezi, ndipo mpukutu umodzi wa 35mm umatulutsa zithunzi 36 zokha, wina 24. Masitudiyo ambiri omwe ankatsuka filimu anasamukira ku digito. Filimu ya kala imatsukidwa m'njira yotchedwa C-41, yomwe imafuna mankhwala otentha pa mlingo wake weniweni, ndiye woyamba kumene asayambire pamenepo. Ayambe ndi filimu ya zithunzi zakuda ndi zoyera, monga Ilford HP5 Plus kapena Kodak Tri-X, zonse za ISO 400 (nambala yosonyeza mmene filimu imamvera kuwala). Imeneyi akhoza kutsuka yekha pakhomo ngati ali ndi kathanki, chikwama chakuda chosalowa kuwala, choyezera kutentha ndi mankhwala monga D-76 kapena Rodinal. Mankhwalawo amafuna kukhala pa madigiri 20, choncho mu Okutobala azidzawaziziritsa ndi ayisi.

Za Leica, mwanayo sakulakwa kuisirira. Ndi yaing'ono, siichita phokoso, ndipo Henri Cartier-Bresson wa ku France anajambula nayo pafupifupi moyo wake wonse. Peter Magubane wa ku South Africa, pa nthawi ya tsankho, anabisapo kamera yake m'kati mwa buledi kuti apolisi asamuone akujambula. Koma Leica M6, ngakhale yakaunjika, imagulidwa madola masauzande. Ndalama imeneyo ndi filimu ya zaka zingapo, ndipo chomwe chidzamuphunzitse mwanayo ndi kuchuluka kwa mipukutu yomwe wajambula.

Ine ndikanakhala inu ndikanafunafuna Pentax K1000. Inapangidwa kuyambira 1976 mpaka 1997, ndipo masukulu ambiri ophunzitsa kujambula ankayambitsira ophunzira pa imeneyi. Ubwino wake ndi wakuti batire ikatha imajambulabe, poti batireyo ndi yongoyezera kuwala, ndipo ndi kabatire wamba ka LR44. Nikon FM2 ya 1982 nayonso ndi yotero, ndi yolimba kwambiri, kungoti ndi yokwererapo mtengo. Canon AE-1 ndi yabwino, koma batire yake ya 6V ikatha kamera yonse imangoti zii. Olympus OM-1 ndi yopepuka m'manja, vuto ndi lakuti batire yomwe anaipangira inasiya kupangidwa. Funsaninso achibale. Amalume kapena agogo omwe ankajambula maukwati mwina anasunga ina m'sutikesi.

Pogula, mwanayo apite nawo. Atsegule kumbuyo kwa kamera, ayang'anitse kowala, adine pa liwiro lililonse kuti aone ngati katani ka m'katimo kakutseguka ndi kutsekeka bwino. Timasiponji takuda ta m'mphepete mwa chitseko timasungunuka n'kumamata ngati phula, ndipo zikatero kuwala kumalowa n'kuwononga filimu. Timeneto timasinthika, musaope. Choopsa ndi chuku cha m'kati mwa lenzi, chooneka ngati ulusi wa kangaude mukaunika ndi tochi. Lenzi yotero isiyeni. Chinyezi cha nthawi ya dzinja ndicho chimabweretsa chuku, ndiye kamera isamagone m'chikwama chachikopa, izikhala pouma pamodzi ndi timapaketi ta silica tija timapezeka m'mabokosi a nsapato.

Lenzi ikhale imodzi yokha, ya 50mm kapena 35mm. Za zoom zazitali zija musavutike nazo, zimaphunzitsa mwana kubera anthu zithunzi ali patali. Lamba wolimba wa m'khosi, kabuku kolembamo mmene wajambulira chithunzi chilichonse, basi. Filashi ndi miyendo itatu yoimikapo kamera zidikire. Filimu yosagwiritsa ntchito izisungidwa m'firiji, ndipo isasiyidwe m'galimoto yoima padzuwa. Choyezera kuwala chikafa asadandaule: dzuwa likaswa mtengo, pa filimu ya 400 aike bowo la lenzi pa f/16 ndi liwiro pa 1/500, kukachita mitambo atsegule mpaka f/8.

Tsono iwe mwana wanga, mvetsetsa apa. Mayi wogulitsa tomato pamsika ali pantchito yake, sanabwere kudzajambulidwa. Pereka moni, fotokoza chomwe ukuchita, pempha. Akakana, thokoza n'kupita. Ana usawajambule makolo awo asanavomere, ndipo malo a asilikali, apolisi ndi mabwalo a ndege uwapewe. Ukalonjeza munthu chithunzi chake, ukam'patsedi. Msika umodzi womwe ukupitako sabata ndi sabata mpaka anthu atakuzolowera udzakupatsa zithunzi zabwino kuposa kuyendayenda m'tauni monse.

Mayi, pa nkhani ya ntchito ndikuuzeni zoona: nyuzipepala, mabungwe ndi eni maukwati amafuna zithunzi za digito, tsiku lomwelo. Filimu imuphunzitsa kuona kuwala ndi kudekha asanadine, koma yokha siingamudyetse. Azijambulanso ndi foni, ndipo manegetivu ake abwino aziwalowetsa mu kompyuta ndi sikana kuti akhale ndi zoonetsa. Zotsatira za MSCE zikatuluka, ayang'ane maphunziro a utolankhani ku Malawi Institute of Journalism kapena ku MUBAS ku Blantyre. Ku Johannesburg kuli sukulu yophunzitsa kujambula ya Market Photo Workshop, yomwe wojambula wotchuka David Goldblatt anayambitsa mu 1989, ndipo wojambula winanso wotchuka, Zanele Muholi, anaphunzira kumeneko. Pakadali pano, mugulireni mipukutu iwiri yokha, ajambule nkhani imodzi ya m'dera lanu, muione itatsukidwa musanaonjezere ndalama ina.