Tebulo lako ku Comic Con: uvale chiyani, ugulitse chiyani?

Kalata ya sabata ino yachokera ku Ulongwe wa m'boma la Angónia, ku Mozambique. Wolemba ndi mnyamata wojambula nthano za zithunzi, zija ena amati makomiki, ndipo akusonkhanitsa ndalama kuti akapeze tebulo logulitsirapo ku Comic Con Africa, msonkhano waukulu wa okonda makomiki ndi makatuni, ku Johannesburg. Akuti akufuna kukavala ngati chilombo cha Gule Wamkulu, chigoba ndi nsanza zonse, kuti anthu azikakhamukira patebulo lake. Akutinso anzake akumuuza kuti asiye nthano zakezo, azijambula anthu a m'makatuni a ku Japan ndi ku America poti ndi amene amayenda malonda. Funso lake ndi lakuti, kodi atero?

Achimwene, zikomo polemba. Kuvala mukavale ndithu, koma mukavale monga munthu amene ali pantchito. Za chigoba cha gule ndikana, ndipo ndifotokoza chifukwa chake pang'onopang'ono, poti nkhani imeneyo si ya malonda okha.

Pamsonkhano wotere pamabwera anthu a mitundu iwiri, ndipo zithunzi za pa Facebook zimawasakaniza. Ena amagula tikiti kuti azikayendayenda atavala zovala za anthu a m'makatuni ndi m'mafilimu, zomwe amati cosplay. Amenewo ntchito yawo ndi kuonedwa basi. Akatopa amakakhala pansi pakona, kuvula chisoti, kumwa madzi. Ena amalipira tebulo m'chigawo cha ojambula chotchedwa Artist Alley, ndipo inu mukufuna kukhala m'gulu limeneli. Comic Con Africa idayamba mu 2018 ku Kyalami, mu 2019 idachitikira ku Gallagher, ndipo kuyambira 2022 yakhala ikuchitikira ku Nasrec, nthawi yake ikumakhala chakumapeto kwa Ogasiti kapena mu Seputembala. Kachitidwe kake adatengera misonkhano ya ku America monga wa ku San Diego womwe udayamba mu 1970. Nthawi zambiri wojambula amapatsidwa katebulo kosafika mamita awiri m'litali, mpando umodzi kapena iwiri, mnzake kumanja, mnzake kumanzere. Pamenepo ndi pamene mudzakhale kuyambira m'mawa mpaka madzulo, masiku atatu kapena anayi otsatizana.

Tsono dziyerekezeni muli pakatebulo kameneko mutavala thupi lonse. Mtsikana watola kachithunzi, wakupatsani ndalama yapepala, akudikira chenji. Inu zala zili m'magolovesi, makobidi akuterereka. Mwawerama kuti mutenge envulopu pansi pa tebulo, nyanga ya chisoti yakola chingwe cha mnzanu wa pambali, zithunzi zake zonse zagwa. Wina akufunsa mtengo, mawu anu akutsakamira m'chigoba, iye akungoti "pepani, mwati bwanji?" kawiri, kachitatu wapita. Ngati mwadzola utoto kumaso ndi m'manja, pofika masana thukuta lausungunula ndipo chala chanu chasiya chidindo chakuda papepala loyera lomwe mumati mugulitse. Zovala zambiri zotere amapangira EVA foam, thovu lolimba ngati la mapatapata, ndipo silipitsa mphepo ngakhale pang'ono. Inu a ku Angónia mudazolowera kamphepo ka kumapiri, simuli ngati ife a mumzinda wa Tete amene Okutobala amatiwotcha kupitirira madigiri 40. M'holo yodzaza anthu mudzabanika msanga.

Pali china chimene achinyamata ambiri sachiona. Chovala chochititsa kaso chimakopa ojambula ndi foni, osati ogula. Anthu amaima kutsogolo kwa tebulo, "tijambulitse nanu", mwatuluka, mwaima nawo, mwamwetulira, apita. Nthawi yonseyo munthu amene amafunadi kuona buku lanu walephera kufika chifukwa cha chikhamucho, ndipo katundu wanu wakhala wopanda womuyang'ana. Dzina lanu likhoza kumveka pa Instagram madzulo amenewo koma kachikwama ka ndalama kali pepuu.

Nchifukwa chake ogulitsa ozolowera amavala kuchokera m'chiuno kupita m'mwamba. Ogula amaona chifuwa, mapewa ndi mutu; kumunsi kwabisika ndi nsalu ya patebulo, ndiye valani buluku wamba ndi nsapato zofewa. Nkhope ikhale poyera, manja akhale omasuka mpaka m'chigongono. Chovala kumutu chikhale choti mutha kuchivula ndi dzanja limodzi nkuchiika pampando. Pitani kwa telala pamsika wa Ulongwe ndi kapulana wabwino, akusokereni jekete ya matumba akuya awiri, lina la chenji, lina la foni. Musaiwale kuti mudzafuna kupita kuchimbudzi mwachangu mnzanu wa pambali akukuyang'anirani katundu. Chovala chofuna anthu awiri kuti chivulidwe sichikuyenerani.

Koma chachikulu ndi ichi: muvale munthu wa m'nthano yanu, amene chithunzi chake chili patebulopo. Munthu akaima nkufunsa kuti "mwavala ndani?", yankho lanu likhale kumupatsira buku m'manja, "ndi uyu, tsegulani tsamba lachitatu." Apo chovala chagwira ntchito yake. Mukavala munthu wa kampani ya ku America, wofunsayo amamudziwa kale, ajambula, adutsa, ndipo mwalengezera malonda a eni ake kwaulere.

Tibwere ku gule. Ndikumvetsa chimene chakukokani. Palibe chovala m'holo imeneyo chingapose Kasiyamaliro kapena Chadzunda pa kuopsa ndi kukongola, ndipo UNESCO idalengeza Gule Wamkulu mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu onse, kutchula Malawi, Mozambique ndi Zambia pamodzi. Koma kulengezako sikudasandutse zilombo kukhala zovala. Inu mukudziwa bwino kuposa anthu a ku Johannesburg kuti kwathu kuno sitinena kuti "munthu wavala chigoba". Chimene chatuluka kudambwe ndi chilombo, chabwera pamaliro, pachinamwali kapena polonga mfumu, ndipo chikatha chimabwerera kwawo. Tsono inu mukakhale kuseri kwa tebulo, njala ikakupwetekani mukweze chigoba pamphumi muzidya tchipisi, wina ajambule, chithunzi chifike pa WhatsApp ku Furancungo ndi ku Chifunde dzuwa lisanalowe. Ngati mudagula njira, mwaulula zimene mudalumbira kusunga. Ngati simudalowe, mwatenga chinthu chomwe si chanu nkukachita nacho malonda kunja. Njira zonse ziwiri mlandu ukakupezani kumudzi, ndipo sudzagwera inu nokha, udzafika kwa amalume anu ndi kwa amfumu. Ena anena kuti gule amavina pamisonkhano ya ndale ndi pamaso pa alendo masiku ano, nanga chavuta nchiyani? Inde amavina, koma amatuluka ndi eni ake, ndi ng'oma zake, ndi akuluakulu owatsogolera. Sizifanana ndi munthu mmodzi kunyamula chigoba m'chikwama pabasi.

Kujambula ndi nkhani ina. Ku Mua, m'boma la Dedza, kuli malo a KuNgoni omwe adayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976, ndipo kumeneko zilombo zimajambulidwa ndi kusemedwa poyera. Kuchokera ku Ulongwe si kutali mukadzera pachipata cha Calómuè. Ulendo umenewo udzakuphunzitsani zambiri kuposa mavidiyo a pa YouTube. Mukafuna gule m'nthano yanu, jambulani zimene aliyense amaona pabwalo, za kudambwe muzisiye, ndipo musanadinde kaonetseni akuluakulu a kwanu.

Mwina muganiza zotembenukira ku zovala za ngoma, poti Angónia ndi kwa Angoni. Izo zilibe chinsinsi chonga cha gule, koma zili ndi msampha wake. Chikopa chenicheni cha nyalugwe chili pamndandanda woyamba wa pangano la CITES, loletsa malonda a nyama zomwe zili pangozi yakutha, ndipo kudutsa nacho malire popanda chilolezo ndi mlandu waukulu. Mkondo wachitsulo ndi chibonga chamtengo sizilowa pakhomo la msonkhano, chifukwa alonda amayendera chida chilichonse cha chovala. Chishango pangani cha thovu lija, chikopa gulani nsalu yamawangamawanga, ndipo chishangocho chipachikeni kumbuyo kwanu chikhale chokongoletsa malo.

Za anzanu aja akuti jambulani za ku Japan ndi ku America. Sakunama kuti zimagulidwa. Munthu amatulutsa ndalama msanga akaona nkhope imene amaikonda kale. Koma anthu a m'makatuni amenewo ali ndi eni ake, makampani olemera monga Disney amene adagula Marvel mu 2009, ndipo kugulitsa zithunzi zawo popanda chilolezo ndi kuphwanya umwini wawo ngakhale mwajambula ndi dzanja lanu. Makampani ambiri amangoyang'ana kumbali wojambula akamagulitsa tizithunzi towerengeka, koma kulekerera si chilolezo, ndipo msonkhano uliwonse uli ndi malamulo ake pankhaniyi omwe mumasainira polipira tebulo. Awerengeni musanadinde kanthu.

Langa ndi ili. Mumzere wa matebulo mudzakhala anthu ambirimbiri ojambula nkhope zomwezo, ena a iwo akhala akuzijambula zaka khumi ndi makompyuta abwino kuposa anu. Mukapikisana nawo pamenepo mwagonja musanayambe. Koma ndani wina m'holo imeneyo angajambule phiri la Domwe m'mawa nkhungu ili m'munsi, kapena Angoni a Maseko akufika kumeneko zaka za m'ma 1800? Ndani akudziwa za likulu la Undi ku Mano, za Napolo akugumula phiri, za mwana wa ku Moatize wokulira m'fumbi la malasha, za chimene chingakhale pansi pa madzi a Cahora Bassa? Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ngati malamulo alola, ikani tizithunzi tochepa ta anthu otchuka kumapeto kwa tebulo tikhale toimitsa odutsa, koma pakati, pamene diso limagwera, pakhale panu.

Mawu a m'buku lanu muwaganizire. Ogula ambiri kumeneko amawerenga Chingelezi, osati Chichewa kapena Chipwitikizi. Nthano yaifupi ya masamba 16 kapena 24 yokhala ndi mawu ochepa imadutsa malire mosavuta. Maina a anthu ndi mfuu zawo zisiyeni m'Chichewa, zimapatsa buku fungo lakwawo.

Katundu akhale wa mitengo yosiyana. Masitika ndi timakhadi tating'ono ta saizi ya A6 ndi ta ana a sukulu amene ndalama yatha pa tikiti. A4 ndi amene amayenda kwambiri. A3 ochepa ndi okopa maso patali. Zithunzi ziimirire, zisagone patebulo, chifukwa munthu woyenda sayang'ana pansi. Mtengo ulembedwe pachinthu chilichonse, anthu ambiri amachita manyazi kufunsa. Pokonza mafayilo, sungani pa 300 dpi, muyeso wa kuoneka bwino kwa chithunzi chikadindidwa, ndipo kumbukirani kuti foni ndi kompyuta zimasakaniza mitundu ndi kuwala (RGB) pomwe makina odindira amasakaniza ndi inki (CMYK). Buluu wowala wa pasikirini amatuluka wozimirira. Dindani chimodzi choyesera kaye. Pepala likhale lolimba, la 250 kapena 300 gsm (muyeso wa kulemera kwa pepala), lililonse m'kapulasitiki kake.

Ndipo kudindako mukachitire ku Johannesburg komweko ngati mungathe. Njira ya basi kuchokera ku Tete imadzera pa Cuchamano kulowa Zimbabwe, Harare, kenaka Beitbridge. Ina ndi yozungulira ku Maputo, makilomita oposa 1,500, nkudzatulukira pa Ressano Garcia. Katoni ya mapepala ikayenda mtunda umenewo pansi pa matumba a anthu imafika makona atapindika, komanso katundu wogulitsa ayenera kuonetsedwa kwa a kasitomu pachipata chilichonse. Fulashi yokhala ndi mafayilo anu m'thumba ilibe mavuto amenewo. Pasipoti ya Mozambique imakulowetsani ku South Africa masiku 30 popanda viza ngati mlendo, koma kucheza ndi kuchita malonda ndi zinthu ziwiri. Funsani okonza msonkhano kuti ogulitsa ochokera kunja amafunika mapepala anji, ndipo yankho lawo likhale lolembedwa.

Ndalama nazo. Kuno tidazolowera M-Pesa ndi e-Mola, koma ku South Africa Vodacom idatseka M-Pesa mu 2016, ndipo ogula ambiri amalipira ndi khadi. Timakina tolandirira khadi monga ta Yoco timafuna akaunti ya banki ya komweko. Njira yabwino ndi kugawana tebulo ndi wojambula wokhala kumeneko ngati okonza alola: mtengo wa tebulo mugawana, kamakina nkake, ndipo mukafuna kukadya pali wotsala. Lembani m'kope chilichonse chogulidwa nthawi yomweyo, kuti madzulo pogawana marandi pasakhale kukangana.

Musanawononge mametikali onsewo, yesani kuno. Pa 1 Juni, tsiku la ana, makolo amakhala ndi kandalama kogulira ana tinthu. Yalani tebulo pafupi ndi pamene pali chisangalalo, mutapempha chilolezo kwa oyang'anira malowo, muvale jekete lija, mukhale tsiku lathunthu. Mudzadziwa ngati chisoti chikukupwetekani khosi, chithunzi chiti ana akuchiloza, ndiponso ngati mumatha kufotokoza nthano yanu mwachidule munthu asanatembenuke. Jambulani tebulolo litayalidwa bwino, chifukwa okonza misonkhano ikuluikulu amasankha ogulitsa poona zithunzi za ntchito yawo, ndipo kulembetsa kumatsekedwa miyezi ingapo tsiku lisanafike. Ngati mukulinga Seputembala, yambani kuyang'ana tsamba lawo chaka chikangoyamba.