Funsani Anti: Ndatsatira patani koma diresi lakana kudutsa mmahipi

FUNSO: Anti, ine ndimakhala ku Salima cha ku Kamuzu Road. Mayi anga aang'ono anandisiyira makina a Butterfly opalasa ndi miyendo aja nde ndinati bwanji ndizidzisokera ndekha mmalo momangolondola atelala nyengo ya maukwati. Ndinapeza patani ya diresi pa intaneti, ndinakapulintitsa, kumata mapepala onse bwinobwino nkudula saizi 14 poti ndi yomwe ndimavala ndikagula pa kaunjika. Anti diresi lakana kudutsa mmahipi ndipo nditalichapa lafupikanso. Zitenje ziwiri zapita choncho. Vuto ndi patani, makina kapena manja angawa? Mayi wa ana awiri, Salima.

YANKHO: Achemwali pepani ndi zitenjezo, koma makinawo asiyeni alibe mlandu, manja anunso ali bhobho. Yakupwetekani ndi nambala 14 ija. 14 wa pa patani si 14 wa pa kaunjika ayi. Makampani akale a mapatani ngati Simplicity, McCall's ndi Butterick saizi 14 yawo ndi ya munthu wa mainchesi 36 pachifuwa, 28 mchiuno ndi 38 mmahipi, nde tadziyezani inuyo muone ngati muli pamenepo. Zovala zogula zosokasoka kampani iliyonse ili ndi manambala ake, cha ku UK sichifanana ndi cha ku America, mapatani a pa intaneti nawo aliyense amalemba tebulo lake. Nambala ya pa lebo iiwaleni, tengani tepi.

Poyeza musamange chitenje mkati, musapanenso mimba kuti muoneke ochepa kkkk palibe akukuonani. Itanani mnzanu akuyezeni, tepi izungulire mowongoka osapendekeka, mmahipi iyende pomwe mbina yatuluka kwambiri osati pamwamba pa mafupa. Tepi yomweyonso iunikeni kaye, pali matepi ena otchipa omwe mbali ya mainchesi ndi inchesi ya ku China yomwe ndi yayitali, pafupifupi masentimita 3.3 pomwe inchesi yeniyeni ndi 2.54. Ikani pa rula ya mwana wa sukulu, mainchesi 10 afike pa masentimita 25 ndi pang'ono, akapitirira mpaka 33 tepi imeneyo musaigwiritse mbali imeneyo.

Tsopano taonani manambala aja, 28 ndi 38, kusiyana kwake ndi mainchesi 10 basi. Ambiri a ife kuno chiuno ndi mahipi zimasiyana kuposa pamenepo, nde munthu mmodzi amapezeka ali 14 kumtunda koma 18 kumunsi ndipo palibe cholakwika. Mapatani ambiri amakhala ndi mizere ya masaizi angapo papepala limodzi, inu sankhani saizi potengera chifuwa ndi mapewa chifukwa mapewa ndi khosi ndi zovuta kukonza zikalakwika, kenako kuyambira mchiuno jambulani mzere wanu ndi pensulo wopita pang'onopang'ono mpaka ukakumane ndi mzere wa saizi ya mahipi anu. Ukhale wokhota mosalala, mukaupanga wa ngodya diresi limatupa pambali ngati mwabisa mango mthumba.

Za kupulinta nazo ndikuzikayikira. Patani ya PDF imakhala ndi kabokosi koyesera patsamba loyamba, amalemba kuti kakhale mwina masentimita 10 mbali zonse. Anyamata a mmashopu opulintira anazolowera kusiya Fit to page chifukwa ntchito yawo yambiri ndi makalata ndi ma CV, nde makinawo amachepetsa chilichonse kuti chikwane papepala, makamaka ngati patani inapangidwira pepala la ku America lomwe silifanana ndi A4 yathuyi. Auzeni asankhe Actual size kapena 100%, apulinte tsamba la kabokosi lokha kaye, muyeze pomwepo musanalipire zotsalazo. Kabokosi kakatuluka 9.5 mmalo mwa 10 kamaoneka ngati palibe kanthu koma pa mahipi a mainchesi 40 mwataya mainchesi awiri athunthu.

Muwerengenso ngati patani yanu inasiya kale malo a msoko. Makampani ndatchula aja amasiya masentimita 1.5, koma ena ngati magazini ya Burda sasiya, umaonjezera wekha podula. Mukapanda kuonjezera, misoko iwiri ya mmbali yokha yadya masentimita 6.

Kufupikako nde nkhani ya kuchapa. Chitenje cha thonje chimabwerera chikalowa mmadzi koyamba, china chimabwera chitauma gwa ndi sitachi chimaoneka chachikulu ndi cholimba kuposa mmene chilili. Chichapeni musanadule, chiyanikeni pamthunzi poti dzuwa la ku Salima lija silichedwa kusulutsa utoto, chisiteni, nde muyale patani. Muvi wautali wojambulidwa pa chidutswa chilichonse uyende mofanana ndi mphepete mwa nsalu, ndipo yang'anani maluwa akuloza kuti, ndaonapo madiresi okongola ku tchalitchi mbalame zake kutsogolo zili chilili kumbuyo zili chadodolido. Ine ndimakakamira kuti patani yatsopano iliyonse muyambe mwaisoka pa shiti lakale la pabedi la pa kaunjika, misoko yotalikirana, opanda zipi opanda kupinda mmunsi, muvale mukhale pansi mukweze manja. Anthu amati nkutaya nthawi, koma shiti ndi chitenje mitengo yake mukuidziwa nokha.

Diresi lakanalo musataye. Phwasulani misoko ya mmbali kuyambira kukhwapa mpaka pansi mulowetse kansalu kakuda kapena kofanana ndi utoto umodzi wa mchitenjemo mbali zonse ziwiri, mmunsi muike bandi ya nsalu yomweyo, anthu aziyesa ndi sitayilo.

FUNSO: Anti ndine bambo wa ku Dwangwa ku Nkhotakota. Ndili ndi malaya omwe amandikhala bwino kwabasi koma atha pakolala ndi mmikono. Patani ndilibe, ndingathe kusoka ena ofanana nawo?

YANKHO: Achimwene patani muli nayo, ndi malaya omwewo. Aphwasuleni ndi lezala mosamala koma mbali imodzi yokha, inayo muisiye kuti muzionera mmene zidutswa zinalumikizirana mukasokonezeka. Sitani chidutswa chilichonse chiphwatalale, chiikeni pa pepala lolimba ngati la khaki kapena katoni yopyapyala, jambulani mozungulira nkulemba kuti ichi ndi chakumbuyo, uwu ndi mkono, apa mpamwamba. Nyuzipepala imatheka koma imang'ambika msanga komanso inki yake imadetsa nsalu yoyera. Pomwe malaya anatanuka ndi kuvala, monga mzigongono, wongolani mzere ndi rula. Ngati nkoyamba kusoka yambani ndi malaya a kolala yoima yaifupi ija, kolala yopinda imafuna kansalu kolimbitsa mkati komata ndi simbi ndipo ngodya zake zimalizitsa ngakhale atelala a pakhonde.

FUNSO: Anti makina anga ulusi ukumangopotana pansi pa nsalu, ndamasula kale kasikuluwu ka bobini koma palibe chasintha. Mtsikana wa ku Senga Bay.

YANKHO: Mwana wanga bweza kasikuluwu komwe kanali. Ulusi ukamaunjikana pansi nthawi zambiri wolakwa ndi wapamwamba, sunalowe bwino pakati pa timbale tija tomwe timaupana. Kweza kaye phazi la makina lomwe limapanikiza nsalu, solola ulusi wonse ulowetsenso kuyambira pachiyambi, poyamba kusoka ugwire nsonga ziwiri za ulusi kumbuyo. Singano ngati ndi yomwe unaipeza mmakinamo isinthe, pa chitenje ika singano ya saizi 90/14, pa jinzi 100/16, ndipo uikankhe ifike pamwamba penipeni usanamange. Chotsa fumbi la nsalu pansi pa mano okoka nsalu ndi kaburashi, udonthezere mafuta a makina osokera osati ophikira, amenewo amamata. Ukamaliza uziwafunditsa nsalu, chinyontho cha kunyanjako chimachititsa dzimbiri msanga.