Kodi mimba yopangidwa ku labotale ingatiphunzitse za tizilombo ta m'matumbo?

Wowerenga wina wanditumizira imelo yofunsa kuti: "Ndamva zoti asayansi amafufuza tizilombo ta m'matumbo pogwiritsa ntchito mimba yochita kupanga. Kodi zimenezi n'zoona, nanga zimene amapezazo tingazikhulupirire?"

N'zoonadi, ngakhale kuti chimene amapangacho sichioneka ngati mimba. Mu 1993 akatswiri a pa yunivesite ya Ghent ku Belgium anakonza makina otchedwa SHIME, omwe ndi mabotolo asanu olumikizidwa ndi timapaipi. Loyamba limaimira chifu, lachiwiri matumbo aang'ono, ndipo atatu enawo amaimira zigawo za matumbo aakulu, mmene amaikamo mabakiteriya ochokera m'chimbudzi cha munthu. Zonsezi zimakhala pa madigiri 37 monga thupi, ndipo asidi ndi ndulu amazithira pa nthawi yake.

Kufunika kotsanzira kagayidwe ka chakudya kumaoneka bwino pa kachilombo ka Giardia, kamene kamatsekula m'mimba. Kamalowa m'thupi kali m'chigoba cholimba, ndipo asidi wa m'chifu ndi amene amakadzutsa kuti katuluke kakafika m'matumbo aang'ono, mmene kamamatirira n'kuyamba kuswana. Kakamatsika, ndulu imathandiza kuti kavalenso chigoba kasanatuluke ndi chimbudzi. M'thupi la wodwala zonsezi zimachitika mobisika, koma ku labotale wofufuza angachepetse asidi yekha n'kuwerenga tizilombo timene tatuluka m'zigoba, popanda kudwalitsa aliyense.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi Cryptosporidium, kachilombo kotsekula m'mimba kamene kamapha ana aang'ono, komwenso kanadwalitsa anthu pafupifupi 400,000 mumzinda wa Milwaukee ku America mu 1993 kudzera m'madzi akumwa. Kameneka kamaswana m'kati mwa maselo a matumbo, motero mabotolo okha sakwanira, ndipo kwa zaka zambiri kankavuta kukasunga kamoyo kunja kwa thupi. Mu 2018 gulu la wasayansi Hans Clevers ku Utrecht, m'dziko la Netherlands, linasonyeza kuti kangathe kumaliza magawo onse a moyo wake m'timatumbo ting'onoting'ono tokulitsidwa kuchokera ku maselo a munthu.

Pa funso lanu lachiwiri, ndikuona kuti zimene amapezazo n'zodalirika pa zinthu zimene ayesadi, koma m'mabotolomo mulibe magazi kapena chitetezo cha m'thupi. Mwachitsanzo, mankhwala a nitazoxanide, omwe amaperekedwa kwa odwala Cryptosporidium, amathandiza anthu amene chitetezo chawo chili bwino, koma sagwira ntchito mokwanira kwa amene chitetezo chawo chafooka. N'chifukwa chake mankhwala amene apha kachilombo ku labotale amayenerabe kuyesedwa pa nyama, kenako pa odwala.