Kwa chemwali ofufuza za ndalama za makhonsolo: yambirani pamsika

Chemwali mwafunsa kuti kafukufuku wanu wa masters ndi wa momwe makhonsolo amapezera ndalama, ndiye muyambire pati kuno ku Thyolo, komanso ngati za penshoni zingalowemo. Ine ndikuti yambirani pamsika, ku ofesi mupita pambuyo. Pitani pa Bvumbwe tsiku la msika 6 koloko mmawa muone wokhometsa akuyenda ndi kabuku ka ziphaso, mayi a tomato akumuuza kuti dikirani kaye achimwene sindinagulitse olo mulu umodzi, wa kabichi wamuonera patali wasenza dengu wazemba. Werengani mabenchi, werengani oyala pansi, kenako mukafunse kuti tsiku limenelo zalowa zingati. Mukaona kusiyanako mudziwa nokha mafunso ofunsa.

Komatu musathamangire kunena kuti mavenda ndi ozemba msonkho. Afunseni, akulozerani chimbudzi chodzadza ndi zinyalala zoti zakhala sabata osazichotsa, nkukufunsani kuti ndalama yathu imapita kuti?

Mbiri yake muyidziwe. Local Government Act ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu zonse ndi za 1998, ndipo ndondomekoyo inati 5 peresenti ya ndalama zomwe boma limatolera izipita ku makhonsolo, inuyo mukayerekeze ndi zomwe zimafikadi chaka ndi chaka. Makhansala tinawasankha 2000, nthawi yawo itatha 2005 tinakhala opanda khansala mpaka 2014, zaka 9 zathunthu bajeti ikuyenda popanda munthu amene tinamuvotera pa wodi. Ndalama zochokera ku Lilongwe zimadzera ku NLGFC, komiti ya boma yoona za ndalama za makhonsolo, koma zambiri zimabwera zitamangidwa kale, izi ndi zachipatala, izi zamaphunziro, izi zaulimi, CDF nayo ili ndi ntchito yake. Ndiye yomwe khonsolo ingapumireko ndi ya ziphaso, malaisensi a mabizinesi ndi ma rate basi. Mpake muyerekeze Luchenza, yomwe ndi municipal ndipo imadalirako ma rate a nyumba ndi mashopu, ndi khonsolo ya boma la Thyolo yomwe dera lake lalikulu ndi midzi ndi minda ya tiyi. Tiyi yense mumamuona mu msewu wa Limbe uja misonkho yake ikuluikulu imapita ku MRA.

Za penshoni ndiye musazisiye chonde, zimandikhudza. Lamulo la 2011 linati bwana aziponya 10 peresenti wantchito 5, lina latsopano linabwera 2023. Aphunzitsi ndi anamwino amalipidwa ndi boma, koma pali antchito olembedwa ndi khonsolo yeniyeniyo, osesa, alonda, okhometsa, omwe malipiro awo amachokera pa ziphaso zomwe zija. Msika ukapanda kuyenda malipiro amachedwa, nanga ya penshoni ndiye itumizidwa? Malume anga anasesa pamsika wa khonsolo ina zaka zambirimbiri, pa pay slip akudulidwa mwezi ndi mwezi, atapuma anakapeza kuti miyezi yambiri sinatumizidwe. Ndinawaperekezapo kawiri, mapepala awo ali mu jumbo ya shuga atapindika mpaka kung'ambika, tikuuzidwa kuti mubwerenso mwezi wamawa. Anthu ngati amenewa muwasake mucheze nawo, mu lipoti simuwapezamo.

Musanalowe mu ofesi iliyonse tengani kalata yakusukulu ndi chilolezo cha ethics, mukayambire kwa bwana DC. Pemphani bajeti, ma minutes a full council, malipoti a Auditor General ndi zotsatira za LAPA (kauniuni wa momwe makhonsolo akugwirira ntchito), akamazengereza akumbutseni mwaulemu kuti lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito 2020. Poyerekeza zaka musaiwale kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, manambala akhoza kuoneka ngati akwera pomwe simenti yogulika yachepa. Mukafika kuno mundipeze ku inbox ndikuperekezeni kwa malume, amakonda kucheza masana akachoka kudimba.