Kwa achemwali amene amuna awo aitanidwa ku Kuwait: za ngongole ndi mabilu

Achemwali, mwati abambo akunyumba ali mu Army Reserve (asilikali a America amene amaitanidwa pakafunika), alandira ma orders (makalata owalamula) opita ku Kuwait ndi Iraq kwa miyezi 9, malipiro akuntchito kwawo kwa masiku onse aima, ndiye mukufunsa ngati ngongole ya nyumba, ya galimoto ndi makirediti kadi ziimitsidwa mpaka abwere. Ndaona ena m'gulu muno akukuuzani kuti boma la America limalipira zonse msilikali akapita kunkhondo. Chonde musamvere zimenezo. Boma silikulipirirani ngongole, ndipo mukangosiya kulipira dzina lanu lionongeka ku mabanki. Thandizo lilipo lalikulu ndithu, koma lambiri mwa thandizolo limadikira kuti inuyo mulipemphe polemba kalata.

Lamulo lake ndi Servicemembers Civil Relief Act, anthu amangoti SCRA, la 2003, limene linalowa m'malo mwa lina lakale la 1940. Mfundo imene ikukhudzeni kwambiri ndi ya chiwongoladzanja. Ngongole iliyonse imene anatenga asanaitanidwe, kaya ali okha kaya munasainira limodzi, chiwongoladzanja chake sichiyenera kupitirira 6 pa 100 pachaka nthawi yonse imene ali pa ntchito ya usilikali. Pa ngongole ya nyumba zimapitirira chaka china chathunthu atabwerako. Ndipo chotsalacho sachisunga kuti adzakulipiritseni m'tsogolo, chimafafanizidwiratu, motero ndalama yolipira pamwezi iyenera kutsika. Tiyerekeze kadi ili ndi ngongole ya $10,000 pa 24 pa 100. Chiwongoladzanja chokha pamwezi chimakhala cha m'ma $200. Chikatsikira pa 6 chikhala cha m'ma $50. Kwa miyezi 9 ndi ndalama yooneka imeneyo. Ngati ngongole ya nyumba munaitenga nthawi ija chiwongoladzanja chinali chotsika kale kusafika 6, pamenepo palibe chisinthe, musadabwe.

Kalatayo ndi yaifupi. Dzina, nambala ya akaunti, mawu akuti mukupempha 6 pa 100 motsatira SCRA, ndi kope ya ma orders. Mutumize kwa aliyense amene muli naye ngongole payekhapayekha, ndipo musunge umboni woti munatumiza. Musadalire kuyankhula pafoni kokha, amene mwayankhula naye lero mawa simumupezanso. Lamulo limalola kupempha ngakhale atabwerako, bola pasadutse masiku 180 chimalizireni ntchitoyo, ndipo banki imawerengera kubwerera m'mbuyo kufikira tsiku limene anaitanidwa. Koma kudikira kuli ndi phindu lanji pamene ndalamayo mukuifuna panopa? Dziwaninso kuti wobwereketsa ali ndi ufulu wopita kukhothi kukatsutsa ngati akuona kuti usilikaliwo sunachepetse mphamvu yanu yolipira, monga ngati malipiro a usilikali akuposa akuntchito. Kwa inu amene ndalama zatsika, mfundo ili kumbali yanu.

Ngongole yatsopano imene mungatenge iwo atayamba kale ntchito ya usilikaliyo siilowa pa 6 pa 100. Ngongole ya dzina lanu lokha siilowanso. Ndipo ngati muli ndi ngongole ku banki ya kumudzi, mwina ya nyumba imene mukumanga ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, lamulo la America silifika kumeneko. Imeneyo ndi yokambirana ndi bankiyo mwaulemu basi.

Za kulandidwa katundu mtima ukhale m'malo. Nyumba imene ngongole yake inayamba asanaitanidwe sangaigulitse popanda chigamulo cha khothi, ali komweko komanso kwa chaka chimodzi atabwerako. Galimoto imene anali atayamba kale kulipira sangabwere usiku kudzaikoka popanda khothi. Mlandu wa ngongole ukabwera iwo ali kutali, angapemphe kuti uyambe waima kwa masiku osachepera 90, ndipo woweruza sangangogamula chifukwa choti sanaonekere. Izi sizikutanthauza kuti ngongoleyo yatha. Zimangokupatsani mpata wopuma ndi woti woweruza amve mbali yanu.

Kwa ena amene akuwerenga ndipo ali pa lendi: ma orders a masiku 90 kapena kuposa amalola kuthetsa pangano la nyumba popanda chindapusa. Mukapereka kalata, pangano limatha patadutsa masiku 30 kuchokera tsiku lolipira lendi yotsatira. Galimoto ya lease, yobwereka pa pangano, imafuna ma orders a masiku 180. Pangano la foni kapena intaneti nalonso lingathetsedwe ngati kumene akupitako kampaniyo siifika. Magetsi, madzi ndi gasi ndiye SCRA siikhudza. Pamenepo zimatengera malamulo a state yanu ndi mtima wa kampaniyo, choncho aimbireni mufunse ngati ali ndi dongosolo la mabanja a asilikali.

Tsopano mbali yokoma, imene ambiri saiwerengera akamalira za malipiro. Kuwait ndi Iraq zonse zili pa mndandanda wa malo ankhondo ku IRS, bungwe lotolera msonkho ku America. Msilikali amene si ofisala salipira msonkho wa federal, wa boma lalikulu, pa malipiro a mwezi uliwonse umene wakhalako, ngakhale atangokhalako tsiku limodzi m'mweziwo. Maofisala ali ndi malire ake. Za Social Security ndi Medicare (thumba la penshoni ndi la chipatala cha okalamba) zokha ndiye zimadulidwabe. Nthawi yopereka mafomu a msonkho ndi kulipira imatalikitsidwa ndi masiku osachepera 180 atachoka kumaloko, ndipo kawirikawiri zimakhudza inunso ngati mkazi wawo. Kuwonjezera apo pali ndalama ya nyumba imene asilikali amalandira, yotchedwa BAH, ndi ina yolipira chifukwa chosiyana ndi banja. Musanataye mtima, khalani pansi ndi pepala la malipiro awo loyamba muone chenicheni chimene chikulowa. Mwina mupeza kuti kusiyana kwake si kwakukulu monga mumaopera.

Afunsenso za Savings Deposit Program, dongosolo losungira ndalama la asilikali amene ali kunkhondo, akakafika. Amalola kusunga mpaka $10,000 pa chiwongoladzanja cha 10 pa 100 pachaka, atakhalako masiku 30. Koma ine ndingati muyambe mwatseka mabowo a mabilu, kusunga kubwere pambuyo. Ngati ali ndi ngongole ya sukulu ya federal, imeneyo ndiye ingaimitsidwedi, apemphe military deferment kwa amene amatolera ngongoleyo.

Ntchito yawo ikutetezedwa ndi lamulo lina, USERRA la 1994. Bwana sakakamizidwa kuwalipira ali kutali, ngakhale makampani ena amawonjezerapo mwa kufuna kwawo, ndiye palibe cholakwa kufunsa ku HR, ofesi yoona za antchito. Chokakamiza ndi kuwabwezera pa ntchito. Poti apitirira masiku 180, adzakhala ndi masiku 90 atabwerako oti apemphe kubwerera. Auzeni adziwitse bwanayo asananyamuke, makamaka polemba. Inshuwalansi ya chipatala banja lonse mulowa pa TRICARE, bola maina anu ndi a ana akhale olondola mu DEERS, kaundula wa asilikali ndi mabanja awo.

Chimene ndikufuna muchite sabata ino, asanakwere ndege, ndi power of attorney, pepala lokupatsani mphamvu yochita zinthu m'malo mwawo. Popanda pepala limenelo banki ikana kukuuzani ngakhale ndalama yotsala pa akaunti ya dzina lawo, kaya mwakhala m'banja zaka zingati. Ofesi ya maloya a asilikali, legal assistance, imalemba ulele, ndipo komweko angakuonereni makalata a SCRA aja. Mabanki ena amafuna fomu yawoyawo, afunseni akadali pano kuti asaine. Zinthu zikathina mosayembekezereka pali Army Emergency Relief, bungwe lothandiza asilikali, imene imabwereketsa popanda chiwongoladzanja, nthawi zina kupereka kumene. Kumeneko ndi koyambira, osati kwa akatapila a payday loan.

Za ndalama yotumiza kumudzi mwatchula ija, kambiranani awiri asanapite kuti pamwezi ndi zingati, ndipo iwo eni ake awauze abale awo. Zikachokera kwa inu iwo atachoka kale, mlamu wakana ndalama ndiye nkhani imene idzamveke.